Mkate wa Nyama

Lolemba

Amene adzapeze kabukuka andikhululukire. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, zilembo zanga ndi zokhotakhota ngati mizere ya munthu wolima ataledzera, ndipo poika L ndi poika R sindipadziwa bwino. Ndikulemba chifukwa kuno ku Ngong, ku Kenya, ndilibe womudandaulira m'Chichewa.

Bambo a Tamanda afika kuchokera ku koleji akumwetulira. Akamwetulira chonchi ndimadziwiratu kuti ntchitoyo ndi yanga. Aitana a Pulofesa, mzungu wa ku Amereka amene amawaphunzitsa za ubusa, pamodzi ndi adona awo, kuti adzadye kwathu Loweruka masana. Kwathu kuno! Mipando itatu, wina wake ukuimira njerwa!

A Pulofesawa ndi amene anene mawu omaliza ngati thandizo la sukulu lipitirire chaka chamawa. Akakana, tikukwera basi ya ku Malawi opanda pepala. Anthu a ku Ntcheu anatiperekeza ndi nyimbo. Tikawauza chiyani?

Ndiye pali chakudya. Akuti adona anatchula chakudya cha kwawo chotchedwa mitilofu, kuchitchula mobwerezabwereza. Abambo ayankha kuti, "Mayi a Tamanda palibe chimene chimawakanika."

Ndawafunsa: munadyapo? Ayi. Munachionapo? Ayi. "Ndi nyama yophika ngati lofu ya buledi basi, dzina likudzifotokoza lokha."

Zimene ndilibe:
uvuni
filiji
munthu amene anachionapo chinthuchi

Zimene ndili nazo:
mbaula
sefuliya ziwiri
mwamuna wolonjeza ndi manja a eni

Lachiwiri

M'mawa ndikugogoda kwa a Mama Njeri, oyandikana nawo khomo. Mkulu wawo anagwirapo ntchito kwa azungu, ndiye ndati mwina akudziwa. Chiswahili changa ndi cha pamsika, Chichewa iwo alibe, tikuthandizana ndi manja. Ndikuti mitilofu, mitilofu. Akuganiza, kenako akuomba m'manja.

"Aaa! Mkate wa nyama!"

Mkate! Ambuye alemekezeke! Bwanji anthu osangonena choncho kuyambira dzulo? Mkate ndinayamba kuphika ndisanathe msinkhu. Nthochi zakupsa kwambiri, kuzisinja, kusakaniza ndi ufa, kukulunga m'masamba a nthochi, kuwiritsa. Ndiye kuti azungu amangoonjezamo nyama. Sindikudabwa, aliyense ndi kadyedwe kake.

Ndapita ku msika mtima uli m'malo. Ndagula:
nthochi zamadonthomadontho, mayi wogulitsa anafuna kuzitaya
ufa wa m'pepala, mgaiwa kuno kulibe
masamba a nthochi, opempha
nyama ya ng'ombe

Kwa abutchala ndiye kunali ntchito. Ndikuti yogayagaya, akungondiyang'ana. Ndikuzunguliza dzanja ngati chigayo, anyamata okazinga nyama panja akuseka. Kuno amati ya kusaga. Nanga ndikanalota? Makina ake alibe, angondiduladulira ndi chikwanje, mafupa omwe.

Ndasinja ndekha m'kamtondo ka a Mama Njeri kosinjira adyo. Mkono wauma. Nyama yolimba ngati ng'ombeyo inayenda wapansi kuchokera ku Tanzania.

Kodi azungu amathira shuga mu mkate wawo? Nkhawa yayambanso.

Lachitatu

Tsiku loyeserera. Ndawaula masamba pa mbaula, ndakulunga bwinobwino, ndamanga ndi luzi. Shuga ndathira pang'ono, mchere pang'ono, kuti mbali iliyonse ndisalakwe kwambiri.

Yawira mpaka madzi kuphwa. Potsegula: yotuwa, yonyezimira mafuta, fungo lake sindikudziwa polifanizira. Koma yagwirana! Ikudulika ndi mpeni!

Tamanda wanunkhiza, wati m'mimba mukumupweteka. Mwana wabodza ameneyu, wangomaliza chimanga chootcha pompano.

Abambo aluma kamodzi. Atafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Amwa madzi kapu yonse.

"Mayi a Tamanda, nthochi zalowamo bwanji?"

Ndati mkate wopanda nthochi munauona kuti? Aika mutu m'manja. Akuti kuno ku Kenya mkate ndi buledi. Buledi wamba wa m'sitolo! A Mama Njeri amangonena zomwe zija abambo ananena Lolemba, koma m'Chiswahili!

Nanga ndi mlandu wanga? Anthu kutenga mawu athu enieni nkuwapatsa ntchito ina osatiuza!

Akupitiriza ngati ali pa guwa: "Ngakhale m'Baibulo mwathu, mkate umene Ambuye ananyema ndi buledi."

Ine zaka zonsezi ndimadziwa kuti ku Galileya kunali nthochi. Palibe mbusa ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti kunalibe. Zandiwawa kuposa za nyamazi.

Aseka mpaka kutsokomola. Aseke. Loweruka adzasekanso pamaso pa a Pulofesa.

Galu wa eni nyumba wadya masamba, mkate wausiya.

Lachinayi

Ndadzichepetsa. Ndakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita m'tauni, kenako ina kupita ku South B kwa Anachisale. Ndi a kwathu, a ku Dedza, amuna awo amagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu, ndipo iwo anakhalako ku Amereka. Sindifuna kupitako chifukwa amandilankhula pang'onopang'ono ngati ndine wogontha.

Mu matatu wailesi ikuboola makutu, kondakitala wandikhazika pakati pa mipando pomwe palibe mpando. Chikwama ndachikumbatira njira yonse.

Za nthochi sindinafune kunena. Zangotuluka zokha. Anachisale aitana mtsikana wawo wantchito kuti adzamve nawo!

"Mayi a Tamanda, inu ndinu mphatso. Nenaninso, ndi luzi?"

Atapukuta misozi andiuza kaphikidwe kake, ine ndikusunga m'mutu:
nyama yogaya ndi makina, osati yosinja
anyezi wodula tating'onoting'ono
mazira awiri
buledi wogona, kumunyika mu mkaka, kumufinya
mchere ndi tsabola wakuda
kusakaniza ndi manja koma osakanda ngati mandasi
kuika m'chitini cha buledi, pamwamba kupaka tomato sosi
mu uvuni kwa ola lathunthu, ikapsa kuisiya ipume

Ipume! Yatopa ndi chiyani? Wotopa ndine!

Ndipo buledi amalowa m'kati mwa nyama. Kwathu munthu woonjeza buledi mu nyama ya alendo tingamunene mudzi wonse kuti ndi womana. Kwa azungu ndiye ulemu.

Andibwereka chitini. Ndapempha uvuni yawo Loweruka m'mawa. Akuti Loweruka ndi tsiku lawo lozimitsiridwa magetsi, madamu aphwa ndi chilala, kuyaka ndi madzulo. Uvuni yaikulu ngati kabati, yoyera mbee, yopanda ntchito pa tsiku limodzi lokha limene ndikuifuna!

"Nyama mukagule ku Westlands, za kwanu ku Ngong musayerekeze."

Potuluka ndamva mtsikana uja kukhitchini akubwereza mawu akuti luzi.

Lachisanu

Westlands. Sitolo yozizira ngati m'chipatala, nyama yokutira m'pulasitiki, aliyense akukankha kangolo. Mlonda wanditsata kuyambira pa sopo mpaka pa mkaka. Ndikuoneka ngati ndingabe chiyani, filiji?

Pobwerera magalimoto athithikana pa msewu wa ku Ngong, osasuntha. Nyama ili pamiyendo, dzuwa likulowera pa zenera langa. Ndikuinunkhiza pang'onopang'ono. Bambo wa pambali panga wasamukira kumbuyo.

Theka ndasungitsa mu filiji ya a Mama Njeri. Theka ndayeserera pa mbaula monga timachitira chigumu: mchenga pansi pa sefuliya yaikulu, chitini pamwamba pa mchenga, makala pa chivundikiro.

Zotsatira:
pamwamba, makala
m'mbali, chikopa cha nsapato
pakati, ng'ombe ikanali moyo

Chigumu sichinandichitepo chipongwe chotere. Makala a kuno ndi aukali, akuyaka ngati ali ndi mangawa ndi ine.

Abambo aima pakhomo ndi buku m'manja. "Mwina muchepetse moto." Zikomo abusa! Ine ndimaganiza zoonjezera!

Ndati tingophika mpunga ndi nkhuku, zimene ndimadziwa. Akana. Akuti analonjeza, ndipo mbusa wosasunga lonjezo laling'ono a Pulofesa angamukhulupirire bwanji pa zazikulu? Lonjezo lawo, zala zopsa zanga.

Madzulo magetsi azima kwathu kuno. Filiji ya a Mama Njeri yangoti zii, nyama yanga ili momwemo. Akuti tisatsegule, kuzizira kungathawe. Ndapitako kangapo kukagwira chitseko chake ndi dzanja.

Bwanji ikaonongeka? Bwanji mzungu akadwala? Munthu wodwalitsa mzungu m'dziko la eni amamutengera kuti?

Loweruka

Nyama ikununkha bwino. Ndanunkhiza ine, a Mama Njeri, ndi mayi wina wodutsa.

Moto wochepa. Makala owerengeka pa chivundikiro. Ndakhala pambali pake ngati wodwazika matenda. Mazira ndapeza limodzi lokha, linalo abambo akazinga m'mawa, akuti sanadziwe. Sanadziwe!

Yapsa bwino pamwamba, yofiirira, fungo labwino ndithu. Ndinayamba kuimba. Kenako galimoto ili panja, alendo afika nthawi yeniyeni imene ananena. Ndani amatero? Yopuma ija palibenso. Ndatembenuza chitini m'mbale.

Yangoti phwasu! Mulu wa nyenyeswa ngati chiswe chagumula khoma. Ndaumba ndi supuni, ikugwa. Ndaumba ndi manja, ndapsa. Ndabisa ming'alu ndi tomato sosi mpaka botolo latha.

Ndikutuluka kukalonjera, ndagwada bwinobwino, ndipo ndikuona adona anyamula mbale yagalasi yokutira. Akundipatsa akumwetulira. Ndikutsegula.

Mitilofu.

Yowongoka ngati njerwa ya pa uvuni, yodulidwa kale, chidutswa chilichonse chofanana ndi chinzake.

Mlendo kubwera ndi ndiwo zake! Kwathu ndiye kuti wanena kuti pakhomo pano pali njala, kapena mayi wa pano ndi wauve.  Ndayang'ana abambo. Abambo akuyang'ana njerwa ya pansi pa mpando.

Zadziwika pakudya, abambo akumasulira. Lolemba lija adona ananena kuti iwo adzabweretsa mitilofu kuti ife tilawe za kwawo, poti kwawo woitanidwa amanyamula kanthu. Iwo amayembekeza kudzalawa za ku Malawi! Abambo anangomva mitilofu, mitilofu, nkuvomera ndi mutu, kwinako anadzaza okha. Munthu wowerenga Chigiriki!

Patebulo mitilofu ziwiri, ina yoima, ina yogona. A Pulofesa, mwaulemu, atenga yanga yokhayokha. Aonjezera kachiwiri. Ine ndikuwerenga supuni iliyonse ikulowa m'kamwa, ndikukumbuka filiji ija. Tamanda wadya ya adona zidutswa zitatu, nkunena mokweza kuti iyi ndiye yabwino. Mwayi wake alendo samva Chichewa. Koma chala cholozera anachiona.

Adona afunsa kuti msuzi wochuluka chonchi ndi kaphikidwe ka ku Malawi? Abambo ayankha kuti inde, makamaka chigawo chapakati. Bodza, pamaso pa mphunzitsi wa za Mulungu!

Za chaka chamawa a Pulofesa sanatchule. Anena za mvula, za mapiri a Ngong, za mpando wawo kuti ukugwedera. Apita.

Ine ndi abambo sitikulankhulana. Atsuka okha mbale, koyamba chikwatirane. Aswa kapu.

Lamulungu

A Pulofesa sanabwere ku tchalitchi. Sajomba, anthu onse akudabwa. Adona abwera okha, akhala kutsogolo, atuluka nyimbo yomaliza isanathe. Andikwezera dzanja ali patali. Kumwetulira kunalipo, koma azungu amamwetulira ngakhale pa maliro.

Wina akuti a Pulofesa apita kukalalikira ku Nakuru. Wina akuti agona, sakupeza bwino. Ulaliki wa lero sindinamve ngakhale mutu wake.

Ife tonse m'mimba muli bwino, koma ife tinadya ya adona.

Abambo apepesa pobwerera, mwa njira yawo: "Chingerezi cha ku Amereka chimathamanga." Ndayankha kuti nanenso ndikanatha kuthamanga ndikanathamanga. Tagawana chidutswa chomaliza cha adona ndi tiyi. Ndi yokoma, ndisaname. Zimenezi zandikwiyitsanso.

Mbale yawo yagalasi aisiya kuno. Ndaitsuka, ndaikulunga m'chitenje, ndaiika pamwamba pomwe Tamanda safika. Mbale ya eni sibwerera yopanda kanthu, ndipo sindikudziwa choikamo choti chisaonjezere mlandu. Abambo atsegula pakamwa kuti apereke nzeru, ndawayang'ana, atseka.

Sindikudziwa ngati a Pulofesa ali ku Nakuru kapena ali pabedi chifukwa cha ine. Sindikudziwa ngati tikhala chaka chamawa kapena tiyambe kumanga katundu. Abambo apita ku koleji mawa m'mawa, ndipo mbale ikanali pamwamba pa kabati, yopanda kanthu.