Dzungu Langa ndi Kamera ya Layivi

Lolemba

Pachitseko apachika pepala lachikasu. Chingerezi chokhachokha. Mawu amene ndawazindikira ndi atatu: gasi, kamera, layivi.

Azakhali, amene ndimakhala nawo kuno ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja, aliwerenga ali chiimire, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja. Akuchedwa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba. "A gasi akubwera Lachisanu teni koloko kudzaika kamera pa paipi ya panja ija. Ukhale pakhomo. Tchire lako lija aona okha chochita nalo."

Si tchire. Ndi dzungu langa! Paipiyo imatuluka pansi n'kukwera khoma mpaka pa mita, ndipo dzungu layanga pomwepo.

Nthanga zinali zisanu ndi ziwiri, amayi anandimangira pakansalu tsiku lochoka ku Ntcheu. Zinayi anafukula agologolo. Ziwiri zinapsa ndi chisanu. Inapulumuka imodzi. Pali kadzungu kamodzi kokha, ngati chibakera changa, kakulendewera kuseri kwa mita. Kakakhwima ndipeza nthanga za chaka chamawa. Kakapanda kukhwima, mbewu ya amayi yathera pompa.

Layivi ndimaidziwa. Kutchalitchi amatijambula layivi, anthu n'kumaonera pa foni mpaka kumudzi. Ine ndimabisala kuseri kwa chipilala.

Ndaganiza chonchi: munthu sangadule dzungu la mnzake dziko lonse likuonera. Ndilikongoletsa.

Lachiwiri

Zochita:
kutsuka khoma
kupukuta mita
kuchotsa masamba achikasu
kusita diresi la kutchalitchi
kuloweza mawu

Mawuwo ndi awa: "Pulizi, donti kati mai pampukini." Mawu asanu basi. Ndawanena kwa firiji kakhumi. Kwa firiji akutuluka bwino.

Amayi aimba. Sindinafune kunena, koma pakamwa pandithawa. Ndati dzungu lawo lioneka layivi Lachisanu. Akuwa mpaka ndachotsa foni kukhutu.

Ndatopa ngati ndalima, chonsecho khoma lake ndi kachigamba chabe.

Lachitatu

Amayi auza azimayi a Mvano. Onse. Akuti akumana kwathu folo koloko ya kumeneko, wina abweretsa foni yaikulu. Akufunsa kuti atsegule pati. Ndati ndiwauza. Ndiwauza chiyani?

Ndimafuna kufunsa Azakhali. Abwera mapazi atatupa, akhala pampando n'kutseka maso chikwama chili paphewa. Ndangowavula nsapato.

Mvula. Khoma lomwe ndinatsuka lathimbirira ndi matope mpaka m'chiuno. Chiluwe chimodzi chokongola chomwe ndimadalira chagwa.

Mzungu wa nyumba yoyandikana wandipatsa moni pampanda. Ndati ndiyesere mawu anga pa munthu weniweni. Chatuluka ndi "pulizi" chabe. Wadikira. Nanenso ndadikira. Kenako ndalowa m'nyumba.

Lachinayi

Azakhali awerenga pepala lija mpaka pansi. Akuti pa mita pazikhala poyera kuti antchito afikepo. "Iwe, usandichititse manyazi ndi eni nyumba. Chotsa lero."

Ndayesa kulimasula osadula. Timanja take tagwira paipi ngati mwana pachitenje cha mayi ake. Ndamasula tisanu ndi titatu. Pofika pa kachisanu ndi chinayi tsinde lalira kuti "tswa", ndasiya. Gawo lomwe lili ndi kadzungu lalowa pakati pa mita ndi khoma, pomwe chala changa sichikwana.

Tsopano theka lagona pansi, theka lili m'mwamba. Likuoneka ngati lamenyedwa. Ndalimanga ndi kansalu ka amayi kaja.

Diresi ndapsereza kumbuyo. Kamera sidzaona kumbuyo.

Lachisanu

Afika awiri, bambo ndi mayi, ovala zowala ngati apolisi apamsewu. Ine ndaima pambali pa dzungu, diresi, mpango, mafuta kumaso. Ndayang'ana m'galimoto mwawo kuti wojambula atuluke. Palibe.

Mayiyo ndi waulemu. Wagwada pa mita, wayang'ana dzungu, wandiyang'ana. Walankhula zambiri, mothamanga, akumwetulira. Munthu wamkulu akamalankhula umavomera kuti adziwe kuti ukumva. Ndiye ndimangoti "yesi, yesi." Mawu anga asanu aja ali pakhosi, akudikira mpata.

Waloza tsinde, wanenanso china, mawu ake akukwera kumapeto. Ndati "yesi."

Linali funso.

Watulutsa kampeni, wadula kamodzi kokha. Wandipatsa kadzungu m'manja, wati "sore", ine ndalandira ndi manja awiri n'kupinda mawondo. Kuthokoza!

Kamera yake ndi kamutu ngati nsonga ya chala, kali kumapeto kwa chingwe chachitali. Amasula pena pafupi ndi mita, amangapo kachitsulo kotseka kuti gasi asatuluke, n'kulowetsa chingwecho m'kati mwa paipi. M'kati! Bamboyo akukankha pang'onopang'ono, mayiyo akuyang'ana pa kasikirini. Palibe amene wandilozetsa kanthu.

Foni. Amayi, pa vidiyo, mitu yambirimbiri kumbuyo kwawo. "Tayamba kale nyimbo, nanga zili pati?"

Ndalozetsa foni pa kasikirini kaja. Mdima wozungulira, kakuwala pakati, kumangopita, kumangopita.

Kenako amayi: "Koma kumeneko kwada msanga." Wina kumbuyo: "Mwanayu amagona kumgodi?"

Mayi wa gasi wandikwezera chala chachikulu. Paipi ilibe dzimbiri, ilibe madzi. Ili bwinobwino.

Loweruka

Ndafotokozera Azakhali zonse. Aseka mpaka agwira tebulo. "Layivi yake si imeneyo, mwana iwe! Akunena kuti gasi ali m'paipimo, sanatseke kumsewu. Paipi ndiye ya layivi, osati iwe!" Aseka mpaka kutsokomola. Miyezi yonseyi sindinawaonepo akuseka chonchi.

Atapuma andiyang'ana. "Bwanji sunandifunse?" Ndati munali mutatopa. Atenga mpeni n'kukhala nane pansi, tasadza nkhwani tonse.

Ndiwo zake zangokwana mbale imodzi. Azakhali anyambita chala, ati zikumveka kwathu.

Kadzungu ndakang'amba ndili ndekha. Nthanga zilimo. Zoyera, zofewa, zopyapyala ngati khoko la anyezi. Ndafinya imodzi, madzi okhaokha. Ndaziyanikabe pawindo, sindikudziwa chifukwa chake.

Lamlungu

Kutchalitchi nkhani yandifikira patsogolo. Sindinakhale n'komwe, mayi wina wandigwira phewa: "A Layivi, mwaswera bwanji?" Chipilala changa wakhalapo kale munthu wina. Lero kamera yandipeza.

Amayi aimba masana. Ndawauza zoona, kuti lija ladulidwa ndipo ndinavomera ndekha. Ati nthanga kumudzi zilipo zodzadza chitini, vuto ndi wobwera nazo. Mwina chaka chamawa, mwina chinacho. Ati ndisadzabzalenso pa zitsulo za eni ake. Ati azimayi anapita atadya, palibe wadandaula, koma akundipempherera za malo ogona.

Nthanga za pawindo zakwinyika. Ndazitaya.

Kunja kwayamba kuzizira. Ndapita kukamasula kansalu ka amayi, kanatsala pa paipi. Khoma lili mbee. Ndaima pamenepo, popanda wondiona, ndipo mawu aja atuluka okha, onse asanu, osaphonya ngakhale amodzi: "Pulizi, donti kati mai pampukini."

Mita yangopitiriza kuwerenga.