Mmene a Mbewe Anandiperekezera

Mpaka lero munthu akanyamuka kuti andiperekeze, mtima wanga umagunda ngati ndaba. Ndimamugwira paphewa, kumukhazika pansi, n'kumuuza kuti njira ndikuidziwa. Anzanga a kutchalitchi amati ndalowa chizungu. Si chizungu ayi. Ndi nkhani ya a Mbewe, ndipo poti yandikhala pakhosi nthawi yaitali, lero ndiilavule.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Bradford. Kuntchito anatiphunzitsa chinthu chimodzi chimene poyamba chinkandiwawa m'makutu: munthu wokalamba usamamuchitire zimene angathe kuchita yekha. Akafuna tiyi, anyamuke akatereke yekha ketulo, iwe ungoima pambali. Kwathu ku Ntcheu ukatero amafunsa kuti unaleredwa ndi ndani. Koma ndinaona ndi maso angawa kuti miyendo ya munthu wamkulu ikangozolowera mpando, sichedwa kuiwala ntchito yake. Ndiye pofika nthawi ya nkhani ino ndinali nditasanduka katswiri (udindowu ndinadzipatsa ndekha, musafunse satifiketi).

A Mbewe sanali wa kuntchito kwanga. Anali mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, bambo wamtali, wa mawu ochepa, amene kumudzi anagwira ntchito ya positi zaka zambiri akupalasa njinga. Mkazi wawo atamwalira, iwo anakhala pampando wa pafupi ndi hita n'kusiya kutuluka. Amayi a chigwirizano tinkapita kukawaona mosinthana, ndipo kunena zoona tinkawapha ndi ulemu. Wina kuwasambitsa m'manja ali pampando pomwepo, wina kuwaikira chakudya pamiyendo, wina kuthamangira rimoti ikagwa. Munthu wopanda matenda odziwika anafika pomakwera chokwawa masitepe a kuchipinda.

Mwana wawo Esnati ndi nesi ku Newcastle. Tsiku lina anandiimbira foni akulira.

"Achemwali, adadi akapitiriza chonchi sindingawasiye okha m'nyumba muja. Ndafunsa kale malo kunyumba ya okalamba. Nanga ine ndigawike pawiri?"

Kumeneko a Mbewe ankakuopa kuposa manda. M'nyumba yawo ija makatani anali osoka mkazi wawo, chitenje cha malemuwo chinali chikadali pamsana pa mpando. Anandiuzapo okha kuti, "Muno ndidzatuluka chogona." Ndiye nkhani inali imodzi basi: miyendo idzuke, apo ayi nyumba aisiye.

"Ndisiyireni ine," ndinamuuza Esnati. "Imeneyo ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku." (Mukukumva kudzitamako?)

Ndinayamba ndi zimene timachita kuntchito. Kuimirira, kukhala, kuimirira, kukhala, manja pachifuwa. Ndinawaonetsa ndekha pakati pa balaza, yunifolomu ikundithina m'chiuno. A Mbewe anandiyang'ana pamwamba pa mandala awo.

"Mayi, mwalakwanji kuti muzidzilanga chonchi?"

"Ndi masewera olimbitsa miyendo, agogo. Tiyeni tichitire limodzi."

"Kwathu zimenezo ankatichititsa aphunzitsi tikachedwa kusukulu. Ine sindinachedwe."

Ulendo wotsatira ndinawabweretsera lamba wa mphira wokoka ndi miyendo. Anathokoza ndi manja awiri. Nditabweranso ndinapeza amangira chitseko cha kabati chimene chinkatseguka chokha. Kenako ndinalimba mtima, tsiku lina atapempha tiyi, ndinati, "Agogo, ketulo ili kukhitchini." Iwo anangoti, "Ludzu latha." Manyazi amene anandigwira! Ndinakaphika tiyiyo, n'kuwonjezerapo ndi mazira.

Ndinatsala pang'ono kugwa mphwayi. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona osachilabadira. Nthawi iliyonse ndikatsanzika, a Mbewe ankagwira m'mbali mwa mpando, kubuula, kudzuka, kutenga ndodo, n'kundiperekeza mpaka pakhomo. Ndikati khalani agogo, ankayankha mawu omwewomwewo: "Mlendo sachoka ngati wakuba. Ndikutulutseni." Munthu wokana kunyamukira tiyi wake yemwe ankanyamukira mwambo.

Nzeru inandibwerera ndili m'basi, ndipo ndinaseka ndekha mpaka mzungu wa pambali panga anasuntha. Kuyambira pamenepo nkhani yokoma ndinkaisunga mpaka potsanzika. Ndinkaiyamba pakhomo, ndikuyenda pang'onopang'ono chotsogola. Munthu waulemu sadula mlendo mawu, ndiye iwo ankangotsatira, ndodo kho, kho, kho. Poyamba tinkalekezera pageti. Kenako pa mabini a zinyalala. Kenako pa golosale ya pakona. Nkhani zoona zitandithera ndinayamba kupeka (Mulungu andikhululukire, mayi wina wa kutchalitchi ndinamukwatitsa kawiri mwezi umodzi).

Vuto linali pobwerera. Tikafika pakona ankati, "Ndibwerere pano, muyende bwino." Koma misewu ya kuno ndi zitunda zokhazokha, sindikanawasiya okha. Ndiye ine n'kuwaperekeza kubwerera kunyumba. Zitseko za kuno ukangokoka zimadzikhoma zokha, choncho potuluka ine ndi amene ndinkachotsa kiyi pamsomali, kumuponya m'thumba, pobwera n'kuwatsegulira. Tikafika pakhomopo iwo n'kutembenuka.

"Aa, tsopano mupita nokha? Ndikutulutseni."

Tsiku lina tinatsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, mpaka mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nayo anatsegula zenera kufunsa ngati tataya chinthu.

Koma zinkatheka, anthu inu. Masitepe anayamba kuwakwera choimirira. Nkhope inayamba kuwala. Lamulungu lina anatulukira kutchalitchi atavala suti, amayi n'kuimba nthungululu. Esnati anasiya kutchula za nyumba ya okalamba. Ine ndinkayenda phewa lili m'mwamba, ndipo chinsinsi changa sindinauze munthu, ngakhale Esnati yemwe, kuopa kuti wina angachiwononge. Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Tsiku lake linali la m'nyengo yozizira, ija dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Madzi anali ataundana m'mbali mwa msewu. Ndinadzera kwa a Mbewe masana ndikupita kushifiti, ndipo potsanzika ndinanena ndithu kuti, "Lero musatuluke, agogo, kunja kwaipa."

"Mlendo sachoka ngati wakuba. Pageti pokha."

Anaponya jekete pamapewa, kuphazi masilipasi, foni n'kuisiya pampando. Ine dzanja linapita lokha pamsomali, monga mwa masiku onse. Ndiye tili pageti, kwa nthawi yoyamba chimwalirire mkazi wawo, iwo ndi amene anayamba nkhani. Anandiuza mmene anamuonera koyamba pamsika wa Lizulu akugulitsa kabichi, mmene anagulira kabichi sabata ndi sabata chikhalirecho iwo kabichi samudya, mmene anamukwezera pa njinga ya boma n'kugwa naye mu ngalande. Ankaseka, misozi ili m'maso, akuyenda. Nanga ine ndikanawadula mawu? Msampha wanga womwe unandigwira mwendo. Tinadutsa mabini, tinadutsa golosale, mpaka tinapezeka tili pa siteji ya basi, kumene tinali tisanafikeko n'kale lonse.

Basi inatulukira pomwepo. Ndinayang'ana basi, ndinayang'ana chitunda. Abwana anali atandichenjeza kale za kuchedwa, ndipo ife obwera ndi chitupa cha ntchito timadziwa kuti ntchito ikatha, ndi ulendo wa pandege wobwerera ku Chileka.

"Kwerani, mayi," anatero a Mbewe. "Ine ndine mwana? Zitunda za ku Ntcheu ndinkazikwera ndi thumba la makalata."

Ndinakwera. Pazenera ndinawaona atakweza ndodo m'mwamba ngati mfumu. Ndinamwetulira njira yonse, ndikukonza kale mmene ndikamuuzire Esnati kuti adadi afika pa siteji.

Panapita nthawi ndithu. Ndinali m'nyumba ya gogo wina wachizungu, ndikukonzeka kumusambitsa. Ndinapisa m'thumba la yunifolomu kufuna magolovesi, dzanja n'kukhudza kachitsulo kozizira. Kiyi wa a Mbewe.

Sindikumbuka bwino zimene ndinamuuza gogo uja. Ndinaimba foni ya a Mbewe, ikungoitana, ine ndikudziwa bwino lomwe kuti ikuitanira pampando. Ndinaimbira kuntchito kuti atumize wina, ndinaitana takisi, njira yonse ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Nditafika ndinapeza chitseko chili chokhoma, pasitepe pali silipasi imodzi. Mayi wachizungu uja anatuluka n'kundiuza kuti ambulansi yangochoka kumene. Anawapeza iye pochokera kuntchito, atakhala pasitepepo, milomo itasintha mtundu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chitunda chija anachikwera. Okha, pa madzi oundana, ndi masilipasi, osagwa ngakhale kamodzi. Miyendo inagwira ntchito yake. Atapeza chitseko chokhoma sanagogode kwa aneba, poti zaka zonsezo anali asanalowepo m'nyumba ya aliyense mumsewu umenewo, ndipo kwa iwo kuyamba kudziwana ndi anthu ndi vuto m'manja kunali kupanda ulemu. Anakhala pansi kudikira kuti mwina ndikumbukira.

Chinali chibayo. Anagona m'chipatala masabata angapo, ndipo bedi linatenga zonse zimene tinapeza mumsewu muja, n'kutengeratu ndi zimene anali nazo poyamba. Potuluka sankatha kuima popanda anthu awiri.

Esnati sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Tinakumana m'khonde la chipatala, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achemwali, kiyi uja mundipatse. Eni nyumba akumufuna." Amayi a chigwirizano tinapita kukathandiza kulongedza. Makatani aja ndinawatsitsa ndine, poti ndine wamtali. Aliyense ankandisisita pamsana kuti ndinayesetsa, ndipo mawu amenewo ankandiwotcha kuposa chipongwe.

Zinanditengera nthawi kuti ndilimbe mtima kukawaona kunyumba ya okalamba. Ndi malo aukhondo, otentha bwino, ndipo chitseko chake chimatseguka ukadina manambala amene okhalamo sauzidwa. Ndinawapeza pa mpando wamatayala pafupi ndi zenera, chitenje cha mkazi wawo chili pamiyendo. Ndinagwada, n'kuwauza zonse: za nkhani zosungira potsanzika, za mabini, za golosale, kuti zonse zija zinali masewera a miyendo ovala jekete la mwambo.

Anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Mayi, mumaganiza kuti sindinkadziwa? Mayi munamukwatitsa kawiri uja ukwati wake ndinaimirira ndine. Mwamuna wake ali moyo."

"Ndiye bwanji munkanditsatira, agogo?"

"Munkaoneka kuti mukuzifunitsitsa. Komanso kunja kuja kunkakoma, ndisaname."

Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka zina. Iwo anandisiya ndilire, akuyang'ana panja. Za kiyi sanatchule, ndipo nditayamba kupepesa anakweza dzanja kuti basi. Tinacheza za kwathu, za mvula, za mtengo wa feteleza, mpaka mtsikana wogwira ntchito pamenepo analowa ndi tiyi n'kuwaikira pamiyendo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti akanawasiya ayese okha, koma ndinatsekanso.

Nthawi itakwana ndinatsanzika. Ndinaona manja awo akugwira m'mbali mwa mpando, monga kale. Anabuula. Mapewa anakwera pang'ono, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Ndinaima chilili, katswiri ine, osadziwa ngati ndiwathandize kapena ndiwaletse. Anayesa kachiwiri. Kenako anabwerera pampando, n'kukonza chitenje chija pamiyendo.

"Pepani, mayi," anatero. "Lero muchoka ngati wakuba."

Ndinatuluka monga ananenera, chitseko n'kudzikhoma chokha kumbuyo kwanga.

Kuntchito ndikadauzabe okalamba kuti anyamuke akatereke okha ketulo, chifukwa n'zoona ndithu, mpando umapha. Kungoti masiku ano basi ikatulukira ndimayamba ndapisa m'matumba onse, anthu kumbuyo akung'ung'udza, chikhalirecho kiyi amene ndikumufunayo ndinabweza kalekale.