Shawelo Yabuluu Yasandutsa Mwana Wanga Mnyamata

Olemekezeka Bwana Wamkulu wa Ofesi Yolembetsa Ana Obadwa,

Ndagwada pansi, bwana. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, komanso ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo lagwira mwana amene aboma akufuna kundilanda Lachisanu lino. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mphatso. Miyezi inayi yapitayo ndinabereka mwana wamkazi. Azamba anaona, ine ndinaona, apongozi anga anaona kawiri kuti atsimikize. Koma titalowa mu ofesi yanu tinatulukamo ndi chiphaso cha mwana wamwamuna. Zimenezitu ngakhale madokotala sangazithe, koma kalaliki wanu wa pawindo lachitatu anangozichita ndi bolopeni, tiyi wake asanazizire n'komwe.

Chachiwiri, ndiyamikire luso la bambo ameneyu. Safunsa mafunso, kuopa kutopetsa amayi. Amangosuzumira pagalasi: shawelo ikakhala yapinki, mtsikana, ikakhala yabuluu, mnyamata. Yanga inali yabuluu poti ndi yondisiyira mlamu wanga, amene anafunditsira anyamata atatu. Wolakwa ndine, sindinkadziwa kuti kwa anthu ophunzira mboni ya mwana ndi ulusi. Mayi amene anali pambuyo panga pamzere anafunditsa wake yachikasu. Ndimamupempherera, kaya anabwerera kwawo ndi chiyani.

Chachitatu, chinenero. M'chinenero chathu chosaukachi mwana ndi mwana basi. Ndikati iye wagona, palibe amene amathamangira kukamuvundukula kuti amvetse nkhani. Ine ndinkayesa ndi ulemu. Koma fomu yanu ndi yachizungu, ndipo aphunzitsi oyandikana nawo nyumba andiuza kuti chizungu sichiyenda mizere iwiri osaulula ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Bodza lija linachoka pachiphaso, linalowa m'kompyuta, linakatulukira pakhadi la kusikelo, ndipo aphunzitsiwo awerenga malo khumi ndi anayi pamene mwana wanga watchedwa mwamuna. Akuti kulinso zinenero zina kumene ngakhale tebulo ndi mpando zili ndi zazimuna ndi zazikazi. Mwayi wake kalaliki wanu sanabadwire kumeneko, bwenzi akufunditsa mipando mashawelo kuti aidziwe. Ndamvanso kuti azungu ena atopa nazo, ali pakalapakala kufuna mawu amodzi okwanira aliyense. Auzeni abwere tidzawabwereke athuwa, ife tinawapeza kalekale popanda msonkhano.

Chachinayi ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Lolemba ndinapita naye ku katemera. Tinapeza namwino watsopano, wowerenga chilichonse. Anavula mwana kuti amuike pasikelo, anayang'ana khadi, anayang'ananso mwana, kenako anatseka chitseko. Anaitana mayi woona za chitetezo cha ana, amene analemba m'buku lake kuti mnyamata wasowa, ndipo mtsikana amene ndanyamula mwini wake sakudziwika. Andipatsa mpaka Lachisanu: chiphaso cholondola, apo ayi mwana akakhala m'manja mwawo mpaka kafukufuku atatha. Mwana woyamwa, bwana! Botolo amalavula, bambo ake omwe akamunyamula amalira mpaka kubanika.

Chachisanu, dzulo ndi lero ndaswera ku ofesi yanu. Windo lachitatu linanditumiza ku lachisanu. Lachisanu linati kompyuta sinama, ndipo kuti chiphaso chisinthidwe ndibwere ndi mwini wake amene walembedwapo. Abale inu, mnyamatayo ndikamutenge kuti? Ngati ali m'kabati ya mafayilo mwanumo, mundiperekere moni, mumuuze kuti mayi ake sanamuonepo.

Pempho langa ndi laling'ono. Kalaliki uja musamuchotse ntchito, angasowe koonetsera luso. Mawa Lachinayi m'ma eyiti ndidzakhala pabenchi ya pakhomo la ofesi yanu, nditamuyamwitsa mwana mpaka kukhuta. Mukadzamva fungo, tulukani ndi bolopeni ndi chidindo, mudzamusinthe thewera ndi manja anu olemekezekawo. Kafukufuku yense adzathera pomwepo. Thewera losinthira ndibweretsa ndekha, loyera mbee, kuti mtundu wake usakusokonezeni.

Ine kapolo wanu wosaphunzira,
Mayi wa mtsikana amene inu mumamutcha mnyamata.