Chitunda cha Pakati pa Dubai ndi Guangzhou

Chipsera chili pabondo langali musachione chonchi, anthu inu. Chinabwera ndi ndege imene sindinaikwere n'komwe.

Mwana wanga Tusekile amachita geni ya zovala pa Boma, ndipo chaka chatha anaganiza zokapikula yekha katundu ku China. Atandionetsa tikiti pafoni, ndinawerenga ndi chala (sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma nambala sizindithawa). Kuchoka ku Dubai kukafika ku Guangzhou, maola pafupifupi khumi ndi awiri. Pobwerera, anayi ndi theka okha.

Sindinadabwe. Ine ndinakulira ku Misuku. Pokwera ndi njinga umakha thukuta tsiku lonse, potsika ndi nkhani ya mabuleki basi.

Mwanayo atanyamuka, ndinakalengeza pabwalo lathu la bawo ku Lufita kuti China ili pamwamba pa phiri.

A Makwinja, aphunzitsi a ku Thyolo amene boma linatiponyera kuno, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Adada, mtunda ndi umodzimodzi. Kungoti wotchi ya ku China ili patsogolo ndi maola anayi. Kupita ndi kubwera n'chimodzimodzi."

"Aphunzitsi, wotchi inayamba liti kukankha ndege? Kupita ndi kubwera sikufanana. Ndabetcha tambala!"

Nawonso anabetcha wawo. (Wangayo sanali wanga. Anali wa mayi akunyumba, wosungira alendo a pa Khrisimasi, ndipo sindinawauze.)

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinati ndiwaphunzitse ndi maso. Ndinakankha njinga kukwera kachitunda ka kuseri kwa bwalo, iwo akuwerenga nthawi. Pamwamba ndinakuwa kuti, "Ino ndi China!" n'kukwera njinga kutsetsereka. Ndili pakati, ndinakumbukira kuti mabuleki anatha nthawi ya dzinja. Ndinakatera m'ngalande, miyendo m'mwamba, gudumu likuzungulirabe.

"Mwafika bwino ku Dubai, adada?" anafunsa a Makwinja.

Masabata awiri athunthu dzina langa linali Payiloti. Kunyumba tambala akalira, mtima unkangoti phwii.

Tusekile atabwera ndinamutengera kubwalo kuti adzaweruze. Anati za wotchizo aphunzitsi akunena zoona. A Makwinja anayamba kale kufunsa ngati tambalayo ndi wonenepa. Ine ndinayamba kuganiza kumene ndikagone.

Ndiye ndinangofunsa mwa kufa ndi kufa komwe: "Iwe mwana, m'ndegemo unakhala nthawi yofanana?"

"Ayi, adada. Popita maola seveni ndi theka, pobwera eyiti ndi theka. Akuti kumwambako kuli chimphepo, popita chimakukankha, pobwera mumalimbana nacho."

Ndinaimirira, bondo kuiwala kupweteka.

"Aphunzitsi, tinabetcha kuti chiyani?"

"Koma inu munkati popita ndiye kutali!"

"Ndinangosokoneza mbali. Ndiye kuti China ili kumunsi, Dubai ndiye ali pamtunda. Koma chitunda chilipo. Seveni ndi eyiti amafanana kusukulu kwanu?"

Bwalo lonse linagwa nako kuseka, ndipo ulendo uno samaseka ine. Mawa lake a Makwinja anabwera ndi tambala wawo atamukolekera pa njinga. Ndinawalandira ndi manja awiri, n'kuwathokoza aphunzitsiwo m'Chitumbuka: "Yewo chomene, asambizgi. Mukafuna kalasi ina mundipeza."

Mayi akunyumba atafunsa kumene kwachokera tambala wachiwiri, ndinati ndi phindu la maphunziro. Anayang'ana bondo langa, n'kunena kuti maphunzirowo ndiyambe ndagula mabuleki.

Sindinagulebe. Munthu wodziwa za ndege mabuleki ngachiyani?