Afulatira ndi kagalu ka kuseri kwa mgolo

Alamu anga ankapereka moni ndi msana. Musafulumire kuseka, ndikunena zoona. Zaka makumi awiri ndi mphambu zitatu ndinagwira nawo ntchito kumakola kumene timasungirako agalu otayidwa ndi osokera, ine wa tsache ndi ndowa, iwo wodyetsa. Koma mutandifunsa lero kuti mphuno yawo inali yotani, ndiyamba ndaganiza. Nkhongo yokha ndi imene ndingaijambule nditatsinzina: dazi losalala ngati mbale yotsuka, ndi makwinya atatu pakhosi. Dzina lawo lenileni linafera m'chiphaso. Aliyense, kuyambira adokotala a ziweto mpaka mayi wogulitsa makala pageti, ankangoti Afulatira.

Khalidweli anaphunzira kwa agalu amantha. Galu wolusa sankawadetsa nkhawa. Ankati ameneyo amauwa, iwe n'kuyankha, mlandu n'kutha. Koma kagalu kokulira m'ndodo ndi m'miyala kakaona maso a munthu kamaona imfa.

"Maso athuwa ndi mikondo, alamu," ankandiuza. "Mukafuna kakukhulupirireni, kapatseni msana. Msana sunagendepo galu."

Ndiye ankalowa m'khola chafutambuyo, n'kukhala pa kampando kawo kafupi atayang'ana khoma, dzanja limodzi kumbuyo litagwira kachidutswa ka chiwindi chowiritsa. Kenako ankatola nyuzipepala yakale, yomwe tinkayala pansi m'makolamo, n'kumaiwerenga motsitsa mawu kwa maola. Agalu athu ankadziwa zotsatira za mpira za chaka chatha kuposa mkonzi wa nyuzipepalayo.

Vuto linali lakuti khalidweli sankalisiya pageti poweruka. Mng'ono wanga, yemwe anakwatiwa nawo, amalumbira mpaka lero kuti anamufunsira atayang'ana mtengo wa mango.

"Ndinayesa akufunsira mtengowo," amatero. "Nditaona kuti sukuyankha, ndinawamvera chisoni, n'kuvomera ine."

Tsiku limene amayi oyang'anira malowo anayamba ntchito, tonse tinafola kukawalonjera. Alamu anafika chafutambuyo, dzanja kumbuyo.

"Bambo, ndili kuno," anatero mayiwo.

"Ndakuonani kale, mayi. Koma mukunjenjemera. Tsiku loyamba zimatero. Mukazolowera ndicheuka."

Panatha miyezi isanu asanacheuke.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinkatisowetsa mtendere pamalo paja. Makola analipo makumi anayi, koma agalu nthawi zina ankafika makumi asanu ndi awiri. Lamulo linali lakuti galu watsopano apatsidwe masabata atatu. Akapanda kulola kuti munthu amukhudze, palibe amene akanamutenga kukamusunga kwawo, ndiye pachitseko chake ankamangapo kansalu kofiira. Lachisanu m'mawa adokotala ankabwera ndi jakisoni. Tinkati "kugonetsa", chifukwa mawu enawo sankatuluka pakhosi. Amayi oyang'anira sanali ankhanza ayi. Ankamanga kansaluko atayang'ana kumbali, ndipo adokotala Lachisanu lililonse sankadya chamasana.

Alamu anga anamenyana ndi kansalu kameneko moyo wawo wonse. Poyamba ankangokamasula n'kukaika m'thumba, mpaka mng'ono wanga pochapa anapeza tinsalu tokwanira kusokera pilo. Atadzudzulidwa anayamba nzeru zina. Ankavula malaya awo a thukuta n'kuwasiya m'khola kuti kagalu kazolowere fungo la munthu mwiniwake kulibe, moti kangapo anabwera kunyumba ndi jekete lokha pathupi. Anali ndi galu wamkazi wokalamba, wa miyendo itatu, amene tinkamutcha Akapitawo. Ameneyo ankamulowetsa kwa tiagalu tamantha kuti tione mnzawo akudya m'manja mwa munthu osafa. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Koma luso lawo lalikulu linali kubwereketsa. Ankayenda m'misewu kufunafuna nyumba zachete: mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wamasiye woluka majuzi, bambo wokonza mawotchi amene sankamva bwino.

"Sindikufuna galu ine," munthu ankatero.

"Ndani wakupatsani? Mungondisungira mpaka Lolemba."

Sankanena Lolemba lake liti. Mphunzitsi uja anamwalira akudikira Lolemba, galu ali kumapazi kwake. Okanidwa ponseponse ankathera kunyumba kwa alamuwo, mpaka anakwana asanu ndi anayi.

"Wakhumi akalowa muno, ine ndituluka," anatero mng'ono wanga.

"Ndiye chiwerengero sichisintha, mayi," anayankha, atayang'ana kabati.

Sankapambana nthawi zonse. Lachisanu likawalaka, galuyo ankamunyamula okha, n'kumugwira mpaka zitatha. Tsiku lotero ankafulatira tonse mpaka madzulo, ndipo tinkadziwa kuti si khalidwe lija ayi. Nkhongo nayo imalira, mukakhala kuti mumaidziwa.

Kagalu kotsiriza kanabwera ndi dalaivala wa lole amene anakapeza m'thumba lomanga m'mbali mwa msewu. Kanali ka miyezi ngati isanu ndi umodzi, kofiirira, pakhosi pali chilonda cha chingwe. Titangokaika m'khola la kumapeto kanadzipanikiza kuseri kwa mgolo wa madzi, n'kungotsala nsonga ya mchira ikunjenjemera. Tinakatcha Kanjenje. Sikanalume munthu, sikanauwe. Ndowa yanga ikangolira kankadzikodzera.

Alamu anakawerengera nyuzipepala masiku khumi ndi awiri kasanadye chiwindi chimene anaponya phazi limodzi kumbuyo kwawo. Anatuluka m'kholamo akuvina chafutambuyo mpaka anagwera m'ndowa yanga. Patapita masiku atatu ndinawapeza atagona chammbali pa simenti, nyuzipepala ili pankhope.

"Iyi ndiye nzeru yatsopano?" ndinatero. "Dzukani, ndikolope. Mwakula, alamu."

Sanagwedezeke. Nthenda ya mtima inali itawagwetsa pa kampando, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Ndinanyoza munthu ali pafupi kufa, ndipo mawu amenewo amandilumabe.

Lolemba kansalu kanamangidwa pachitseko cha Kanjenje. Ndinakamasula. Amayi oyang'anira anandipeza ndisanakabise.

"Amayi, matumba a alamu anu ndinkawadziwa. Anunso ndikuwadziwa. Loweruka kukubwera agalu asanu ndi mmodzi a kunyumba ina imene yagwetsedwa. Ndiwaike pamutu panga?"

Ndinagwada, ine nkhalamba, pa simenti yonyowa. Anandidzutsa akulira. Tinagwirizana chimodzi: kagaluko kakatuluka kokha n'kukhudza munthu iwo akuona pofika Lachisanu m'mawa, kansalu kachoka. Kupanda apo, kagona.

Ndinathamangira kuchipatala. Bedi la alamu sindinavutike kulipeza. Odwala onse anayang'ana kukhomo kudikira abale, mmodzi yekha anayang'ana khoma.

"Munthu wanuyu watitopetsa," anatero namwino. "Mankhwala timamupatsa chozungulira bedi."

"Alamu, kansalu kamangidwa," ndinatero.

 Mawu awo atatuluka anali ngati a munthu wa pansi pa chitsime.

"Tengani jekete langa. Musalichape."

"Chijekete chonunkha chija?"

"Fungo limenelo ndi chiphaso changa. Muvale, mukhale pa kampando, Akapitawo akhale pambali panu. Muwerenge zimene zalembedwa basi. Musamaikemo ndemanga zanu, ndimakudziwani."

"Ine ndi ndemanga?"

"Ndipo musacheuke. Ngakhale mumve mpweya m'khosi. Mwamva, alamu? Musacheuke."

Lachiwiri ndinakhala tsiku lonse, msana kuwawa, miyendo kuchita dzanzi. Palibe chinachitika. Lachitatu dzuwa lili pamutu, ndikuwerenga za mlatho wina umene unakokoloka zaka ziwiri zapitazo, ndinamva kanthu kozizira kakukhudza nsonga za zala zanga. Mphuno! Abale anga, ine ndinabadwa ndi khosi lofewa. Moyo wanga wonse palibe chinadutsa kumbuyo kwanga osachiona. Ndinacheuka.

Kanakuwa ngati ndakathira madzi otentha. Kanawomba mutu pa mgolo, n'kulowa kuseri mozama kuposa kale, ngakhale mchira osaoneka. Ntchito ya masabata awiri ndinaiwononga ndi khosi limodzi.

Ndinapita kuchipatala kukaulula. Ndinapeza mng'ono wanga pakhonde, atanyamula nsapato za mwamuna wake pamiyendo.

"Achemwali, anacheuka," anatero. "Anatembenuka yekha, n'kundiyang'ana m'maso muno. Akuti, 'Kodi unali wokongola chonchi?' Zaka makumi atatu, n'kudzandiuza lero." Anaseka, kenako chiseko chija chinasweka pakati.

Maliro a alamu anakonzedwa kuti aikidwe Lachisanu masana. M'mawa wa tsikulo ndinachoka pasiwa anthu akundiyang'ana ndi maso ofiira. Ndinamva wina akuti, "Mlamu wake ali m'bokosi, iye akupita kwa agalu."  Koma malemuwo akanandikalipira ndikanapanda kupita.

Ndinavala jekete, kulowa chafutambuyo, Akapitawo akutsimphina pambali panga. Ndinayamba kuwerenga. Chiwindi chinauma m'manja. Kenako ndinamva nsapato ziwiri zimene ndinkazidziwa, ndi kambale kachitsulo ka jakisoni kakulira.

"Amayi, pepani," anatero adokotala. "Nthawi yakwana."

Sindinacheuke. "Adokotala, munthu tikumuika masana ano. Nkhata ya maluwa sankaikonda. Mupatseni ola limodzi ndi msana wanu. Lowani chafutambuyo, mukhale pa ndowa iyo."

"Amayi, ine ndili ndi..."

"Mwana wanga, ndinkakupangira tiyi uli wophunzira, ukulira kuseri kwa makola Lachisanu lako loyamba. Khala pansi."

Anaika kambale panja, n'kukhala. Amayi oyang'anira nawo analowa osauzidwa, n'kukhala pa simenti pafupi ndi chitseko. Misana itatu, anthu akuluakulu, tikuyang'ana khoma losweka pulasitala. Ndinawerenga za mpira. Ndinawerenga za nyengo ya chaka chimene aliyense anaiwala. Nyuzipepala itatha ndinayambiranso. Ola linadutsa, ndipo palibe amene analitchula. Mumtima ndinkangoti, alamu, ngati kumene mwapitako amalola kucheuka, cheukani tsopano.

Akapitawo anayasamula, n'kukagona pakati pa ife ndi mgolo. Patapita nthawi ndinamva zikhadabo pa simenti. Phazi limodzi. Chete. Phazi lina.

"Amayi," ananong'ona adokotala, "china chake chikundinunkhiza m'thumba."

"Musacheuke!"

"Muli mkate wanga wa dzulo."

"Ngakhale kadye ndi thumba lomwe, musacheuke!"

Kanadya mkate wonse, n'kunyambita chigongono cha munthu amene anabwera kudzakagonetsa. Kenako kanabwera kwa ine, n'kulowetsa mphuno m'mkono wa jekete lija, n'kupuma mozama. Khosi langa linkayabwa ngati muli chitedze, koma ndinaligwira ndi dzanja. Amayi oyang'anira anakweza mkono osayang'ana, kufufuza pachitseko, n'kumasula kansalu.

Tinafika kumanda mochedwa, tonse atatu tikununkha khola. Kansaluko ndinakaponya m'dzenje pamodzi ndi dothi.

Papita zaka zinayi tsopano. Ndinapuma ntchito, koma Lachinayi lililonse ndimapitabe kukakhala pa kampando, chifukwa tinsalu tofiira sitinathe. Ena timawapulumutsa, ambiri ayi. Ndilibe kudekha kwa alamu anga, ndipo palibe wina ali nako. Kumakola tsopano aliyense amakulonjera maso ndi maso, mwaulemu wonse, koma ine ndimaona ngati pasowa munthu wondipatsa moni. Nyuzipepala zimangoyalidwa pansi osawerengedwa. Nthawi zina ndikadutsa khola la kumapeto ndimayembekeza kuona dazi lija likuwala, n'kungopeza khoma.

Kanjenje ndinakapereka kwa bambo wokonza mawotchi uja, amene galu wake wobwereka anali atafa ndi ukalamba. Kamagona pansi pa tebulo lake, pakati pa mawotchi makumi atatu amene sagwirizana nthawi. Mlendo akalowa kamabisalabe, koma mchira umatsalira kunja, ndipo sunjenjemera, umagwedezeka.

Ndinamuuza kuti angondisungira mpaka Lolemba. Ndikadutsa pashopu pake amatulutsa mutu pawindo n'kufuula, poti samadzimva yekha:

"Amayi! Lolemba lake liti?"

"Mwiniwake akabwera!" ndimayankha.

Amagwedeza mutu, n'kutseka windo msanga, kuopa kuti ndingasinthe maganizo.