Mali Sagona Masana

Nzeru yonse inabadwira pa kagolosale ka Mayi Sombun ku Chanthaburi, botolo la kachasu wa mpunga litafika m'chiuno.

"Mawa mwana wa Madala Prasoet akulowa umonke," anatero Daeng, amene ankadzitcha Jenerale ngakhale kuti ku usilikali anam'bwezera pageti. "Mudzi wonse ukakhala kukachisi, kuvina kumbuyo kwa galimoto ya zoimbira. Munda wawo wa duriyani, zipatso zaminga zodula zija, utsala wokhawokha. Dzuwa likamaswa mtengo, ife lowu, matumba tho, tulukuni. Ndani angatigwire?"

"Nanga chigalu chija?" anafunsa Tui Chimimba, akunyambita zala.

Apa Piak anadzidzimuka m'maloto ake. Mnyamatayu anali wowonda ngati nsungwi, ndipo mtima wake wonse unali pa Namfon, mwana wamkazi wa mwini mundawo. Ankafuna kumugulira mkufu wagolide, ndipo sankaona vuto kuugula ndi zipatso za bambo ake a mtsikanayo. Chumacho si chikhala chikungozungulira m'banja?

"Mali? Mitima pansi, akuluakulu. Tsiku lililonse ndimaimba likhweru pageti paja. Galuyo amandidziwa."

Sananame. Mali ankamudziwadi.

Mawa lake masana, atangolumpha mpanda, anamva nthaka ikugunda. Mali, dzina la duwa lonunkhira, anali galu wa msinkhu wa thole, mutu ngati mtondo. Anamudutsa Jenerale, anamudutsa Tui ndi mnofu wake wonsewo, n'kulunjika kwa woimba likhweru. Matumba anauluka. Mmene Tui anakwerera mtengo wa duriyani, mpaka lero palibe akudziwa.

Anakhala m'mwambamo atatu, zipatso zaminga zikulendewera pamitu, nyerere zofiira zikuwayendera m'malaya. Pansi Mali anakhala chonjuta, maso m'mwamba. Kutali ng'oma za kukachisi zinkamveka kukoma.

Kenako Jenerale anasolola foni.

"Mukuimbira ndani?" anafunsa Piak.

"Apolisi."

"Ife mbava?"

"Mbava nayonso ndi nzika, mphwanga. Nyererezi zafika kumalo osatchula."

Anabwera awiri pa njinga yamoto: Sajeni Somkiat, munthu wosapupuluma, ndi Wirat, wapolisi wadzulodzulo wa yunifolomu yothina. Mali anawalandira bwino. Anang'amba mwendo wa buluku la Wirat, mwini wake n'kukapezeka pamwamba pa mtsuko waukulu wa madzi, mfuti ili m'manja.

"Bwana, ndiwombere?"

"Womberani, bwana!" anakuwa Jenerale. "Misonkho timalipira ife!"

"Iwe wamumtengo, khala chete," anatero Sajeni. "Wirat, galuyu wagwira mbava zitatu asanadye nkhomaliro. Iwe chiyambire ntchito wagwira zingati?"

"Koma akandiluma?"

"Mwendo umapola. Ali pakwawo, akugwira ntchito yake. Ukamupha lero, tsiku loti mwana wa pakhomo pano akuvala mkanjo wa amonke, udzabadwanso galu, ndipo adzakuwombera mnzako wamantha ngati iweyo."

"Nzokoma kulankhula, bwana, miyendo si yanu!"

"Ndiye penya yanga."

Sajeni anavula jekete, n'kulikulunga kumkono, n'kuyamba kuyandikira pang'onopang'ono akunyengerera: "Bwera mayi, bwera mwana wabwino." Mali anaonetsa mano onse, n'kuwerama kuti alumphe. Pamtsuko paja Wirat analoza galuyo ndi mfuti, chala chili pokhethemulira.

Piak sanaonenso galu. Anaona Namfon akulira, tsitsi lili balala, akufunsa kuti anabweretsa mfuti pakhomo pawo ndani. Mkufu wagolide ungapukute misozi yotero? Ndipo anaonanso china: iye mwini, ngwazi, akusimbidwa mumsika monse.

"Osawombera!"

Anadziponya. Anagwa ngati thumba la makala, ndipo Mali, posankha pakati pa jekete la boma ndi mdani wake wakalekale, sanachedwe kuganiza. Mano anakhazikika pamalo okhalira. Sajeni anangogwira galuyo pakhosi mwaulemu, n'kumumangirira kumtengo ndi lamba wake.

"Waona, Wirat? Chipolopolo sichinatuluke, wapolisi sanavulale."

"Nanga ine?" analira Piak.

"Iwe si wapolisi."

Jenerale ndi Tui anatsika okha, akudzikanda, manja atatambasula kale kudikira unyolo. Piak naye unyolo sunamusiye.

Posakhalitsa panamveka njinga ina. Anali Namfon, atauzidwa ndi aneba, maluwa a kukachisi akadali m'tsitsi. Anathamanga, nkhope ili ndi mantha okhaokha. Mtima wa Piak unagunda kuposa ng'oma zija. Anatambasula manja mpaka pamene unyolo unalola.

Mtsikanayo anamudutsa ngati chitsa. Anagwada, n'kukumbatira Mali, n'kumuyasamitsa kukamwa, kuyendera dzino lililonse. Kenako anatembenuka, n'kumuyang'ana Piak kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Mulibe matenda inu? Galu wangayu sadya zilizonse."