Dothi Lomwe Ndinabera Mavu

Anzanga, nkhani iyi ndaisunga nthawi yaitali, koma poti Amake Tisa ayamba kale kuifalitsa mopotoza ku Karama konse, kuli bwino muimve kwa mwini wakene. Ine Esinati ndimadya dothi. Musayang'anane, ena mwa inu mumadya mobisa. Ndinayamba ndili ndi pakati pa Chisomo kwathu ku Ntcheu, lija la chiswe lomata pa mtengo wa mango, mwana anabadwa, anakula, pano ali ku sekondale, koma chilakolako chija sichinachoke. Ndikangomva fungo la mvula yoyamba malovu amadzaza m'kamwa.

Pobwera kuno ku Dubai kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa, ndinkati khalidweli lithera pa bwalo la ndege. Koma ndinapeza Amake Tisa, mayi a ku Chipata okhala ku Karama, amene aliyense wochokera ku Zambia ankawabweretsera dothi m'chikwama. Tsiku la ofu ndinkapita kumeneko, n'kucheza, pobwerera ndili ndi kaphukusi kondikwanira mwezi. Kenako kunabwera korona. Ndege zinaima, ofu inatha, geti linatsekedwa, m'nyumba tinatsala atatu, ine, madamu ndi bwana, poti ana awo ndi akuluakulu, amakhala kwina. Kaphukusi kanga kanatha sabata yachitatu.

Mukudziwa inu kuti kuno kulibe dothi, ndi mchenga wokhawokha. Ndinayesapo kulawa wa kuseri kwa mpanda, ndinangolavula, unkangokukutika m'mano ngati mpunga wosapeta. Dothi lomwe linalipo ndi la maluwa, logula m'matumba, koma limenelo linali losakaniza ndi manyowa, sindikanaliika m'kamwa. Ine ndine munthu waukhondo, mukumbukire mawu amenewa.

Bambo osamalira maluwa anasiya kubwera chifukwa cha matendawo, ntchito yothirira inagwera ine. Mpopi wa kuseri unkadontha, pansi pake panali kamatope kosauma. M'mawa wina ndikuthirira ndinaona kamavu kakuda, ka miyendo yachikasu, m'chiuno mopyapyala ngati ulusi, katatera pamatopepo. Kanaweramitsa mutu, kumakanda, kumasankha losalala lokhalokha, kumaumba kampira, kenako n'kuuluka nako miyendo ili lende. Ndinakatsatira ndi maso mpaka kanalowa pa windo la chipinda chochapira, momwe ine ndimathera theka la tsiku. Pamwamba pa khoma, kuseri kwa thanki ya madzi otentha, kanali katayamba kumanga.

Awa si mavu olusa aja okhala chigulu, oti ukangodutsa pafupi watupa nkhope. Aka kanali kokhakokha ndipo kanalibe nthawi ndi munthu. Ine ndikusita zovala, iko kakudutsa pamwamba pa mutu wanga, kupita, kubwera, kupita, kubwera, osapumula ngakhale dzuwa la kuno litakwiya. Kakamamata kankalira kuti nziii, ndipo ndinkadziwa ndisanayang'ane kuti mmisiri wafika. Kamphika kamodzi, kotalika ngati chala changa chaching'ono, kankatha tsiku limodzi. Kakamaliza kankasowa pang'ono, n'kumabwera ndi tinthu tina kumalowetsa m'kati, ine n'kumati ndi matope omwewo, kakulimbitsa makoma. Kenako kankatseka pakamwa n'kuyamba kamphika kena pambali pake. Masiku amenewo eni nyumba ankangokhalira kuonera nkhani za imfa pa TV, ine TV yanga inali imeneyi, ndipo kachilomboka ndinkakakonda, ndisaname.

Timiphika titafika tisanu ndi tiwiri, ndinakumbukira mlamu wanga Nabanda. Ali woyembekezera ankakwera pa mpando kukagwetsa timiphika totere kudenga la khitchini, n'kumati dothi lake ndi losalala kuposa la chiswe chifukwa mavu amasefa okha. Ndinakumbukira zokhazo basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukaona kamavu kaja ngati mnzanga, ndinayamba kukaona ngati wondiphikira.

Nthawi imeneyo madamu anali atasanduka dokotala. Chilichonse kupopera sanitayiza, ngakhale anyezi. Ankayendera zipinda zonse atavala masiki, kusuzumira m'makona, ndiye ine ndinakoloweka thaulo lakale pa paipi kuti timiphika tisaoneke. Tsiku lina analowa m'chipinda chochapira, anayang'ana kudenga, anayang'ana kuseri kwa makina, n'kunena kuti chikhalire m'nyumba imeneyi sanachionepo chipindachi chopanda kangaude ndi mmodzi yemwe, ndine wantchito wosowa. Ine tsache la kudenga ndinali ndisanalikhudze mwezi wathunthu poopa kusokoneza mmisiri wanga. Koma munthu akamakuyamikira umakana? Ndinati shukran madamu, ndiyo zikomo ya kuno, n'kuonjezera kuti kwathu anatilera choncho.

Ndinawatumizira Amake Tisa chithunzi cha timiphika tija. Anayankha ndi uthenga wa mawu wautali, mwawo muja. Ndinangomva poyambirira pomwe ankati, “Iwe Esinati, ivo ni vabwino maningi, uvikazinge pang'ono pa moto,” madamu n'kundiitana, ndinatseka foni. Zotsalazo ndinati ndi nkhani za kumpingo, ndidzamva tsiku lina.

Lachinayi masana, kamavu katapita kokatapa matope, ndinakwera pa ndowa n'kupala timiphika tonse ndi mpeni wa batala. Tinachoka tili togwirana, tolemera bwino m'manja. Pakona ina panali tiwiri takale, ta chaka chatha, tobooka kumapeto. Timeneto ndinataya, ndinati tatha ntchito, ine ndikufuna tatsopano totseka bwino. Ndinatikulunga m'kachidutswa ka chitenje, n'kumanga ndi ulusi wakuda womwe unali pafupi kuti tisaphwanyike, kenako ndinakaika m'chitini chakale cha tiyi, m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa zokometsera ndiwo. Ndinati mawa masana eni nyumba akagona ndikazinge mwamtendere. Tsono taganizani inu: kansalu, ulusi wakuda, dothi m'kati, kobisidwa m'khitchini ya eni. Ngakhale ku Ntcheu konko mukanati ndi chiyani? Ine sizinandifike m'mutu, ndinkangoganiza za m'kamwa.

Madamu amene zaka zitatu sanatsegulepo kabati imeneyo, korona anawaphunzitsa kuphika makeke. Lachisanu m'mawa analowa kukhitchini kukafuna zokometsera zawo, n'kumatsegula chitini chilichonse. Komanso sabata imeneyo bwana ankatsokomola, anawayeza, korona sanapezeke, ndipo madamu anali akufunafuna chomwe chikuwadwalitsa amuna awo. Ndili kuseri ndikuyanika zovala ndinamva akundiitana, motsitsa mawu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Kaphukusi kanga kanali pa tebulo loyera la pakati pa khitchini, katamasulidwa ndi mafoloko awiri, madamu atavala magolovesi, bwana ataima pakhomo ndi masiki yawo. Madamu anandifunsa pang'onopang'ono kuti zinthu izi ndikufuna nazo ndani, iwo kapena amuna awo. Anatchula mawu akuti sihiri, omwe ndi ufiti kwa anthu a kuno, ndipo nonse mukudziwa kuti kuno imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, si yokambirana pansi pa mtengo. Anati zaka zitatu andisunga ngati m'bale, koma lero khalas, basi zatha, aimbira a ofesi imene inandibweretsa adzanditenge. Ndege sizikuuluka, ndikanapita kuti? Ndinamuona Chisomo akubwezedwa kusukulu, ndinaiona nyumba yomwe ndikumanga kumudzi, yofika m'mawindo, ikumera udzu. Ndinachita mantha, anzanga.

Ndinati madamu, ichi ndi chakudya. Tayesani inu kufotokoza m'Chingerezi changachi kuti mayi wamkulu ngati ine, wokhala m'nyumba yoti firiji yadzaza nkhuku, amalakalaka dothi. Ndinatchula mimba ya Chisomo, madamu anatong'ola maso poyesa kuti ndili ndi pakati, ndinafulumira kunena kuti ayi, imeneyo ndi yakalekale. Ndinatchula chiswe, ndinatchula mlamu wanga, ndinkangoonjezera moto. Madamu anayang'ana bwana, bwana anayang'ana kudenga.

“Ngati ndi chakudya,” anatero madamu, “idya. Yalla, fulumira.”

Mumtima ndinaseka. Mayeso ophweka chonchi? Chinthu choti ndachilakalaka miyezi? Ndinabenthula kakang'ono kam'mbali n'kuponya m'kamwa. Anzanga, linali dothi! Losalala, losungunuka pa lilime, fungo lake la mvula yoyamba igwa pa msewu wa fumbi. Nabanda sananame. Ndinatsinzina, ndinatafuna mwaulemu, nditatsegula maso ndinaona nkhope ya madamu ikuyamba kumasuka. Pamenepo m'pomwe ndikanalekera, mlandu unali utatha. Koma dyera, kuphatikiza kufuna kuonetsa kuti ndine katswiri, ndinathyola kamphika kathunthu, kotseka bwino kaja, n'kukaika konse m'kamwa n'kuluma.

Kanaphulika. M'kati munali zofewa, zamadzimadzi, zowawira, ndi tinthu tina ngati tsitsi tomamatira ku lilime. Nthawi yomweyo chotsala chija chinaphwanyika m'dzanja langa, zam'kati n'kukhuthukira pa tebulo loyera lija. Akangaude! Ang'onoang'ono, obiriwira, achikasu, otuwa, opanikizana ngati matemba m'thumba, pakati pawo pali mphutsi yoyera yonenepa bwino. Ndikuyang'ana choncho, kangaude mmodzi anatambasula mwendo pang'onopang'ono n'kuubweza. Sanali akufa. Ndipo anzawo a m'kamphika kena anali m'kamwa mwanga.

Tsono mukanakhala inu mukanatani? Kulavula ndiye kuvomera kuti si chakudya, ndipo foni ya madamu inali pa tebulo pomwepo. Ndinaganiza za Chisomo, ndinatafuna. Ndinatafunanso. Ndinameza, misozi ili chuchuchu, kamwendo kamodzi katakakamira pakhosi. Madamu anali atabwerera m'mbuyo mpaka kukagunda firiji.

“N'zokoma?” anafunsa madamu.

“Kwathu timadya chonchi, madamu.”

Ndipepese kwa Amalawi nonse muli pano ndi amene ali kumudzi, tsiku limenelo ndinanamizira dziko lonse.

Amene anandipulumutsa ndi bwana. Ataona akangaude aja anasendera pafupi, anajambula ndi foni, anawerenga pang'ono, n'kuyamba kuseka kosakaniza ndi chifuwa. Anawafotokozera madamu kuti izi ndi nyumba za mavu oumba. Mavuwo amasaka akangaude, amawaluma kuti angouma thupi koma asafe, chifukwa wakufa angawole, n'kuwalongedza m'kamphika, kuikira dzira limodzi, n'kutseka. Dzira likaswa, mphutsi imadya nyama yosawola mpaka kumera mapiko, kenako imaboola n'kutuluka. Ndiye kuti tobooka tija ndinataya tija ndi tomwe tinali topanda kanthu m'kati. Anandifunsa komwe ndinazitenga, ndinawatsogolera onse awiri kuchipinda chochapira, m'kamwa muli nyasinyasi, n'kuchotsa thaulo lija. Zipsera za dothi zinali pakhoma.

Tili chiimire, kamavu kaja kanalowa pa windo katanyamula kangaude, ulendo uno ndinamuona bwinobwino, miyendo ili lende. Kanafika pamalo pake, kanapeza khoma lokhalokha. Kanazungulira, kanatera, kanayenda uku ndi uku, kanaulukanso, kanabwereranso pomwepo. Pamenepo ndinamva chisoni chenicheni, kuposa manyazi. Mayi mnzanga wakhala akutolera chakudya cha ana ake kamodzikamodzi padzuwa la kuno, monga ndimachitira ine, ine n'kubwera kudzadya nkhokwe ndi ana omwe.

Madamu anakayang'ana kamavu, anayang'ana kudenga kopanda ndi ulusi umodzi womwe wa kangaude, kenako anandiyang'ana ine.

“Ndiye amene amachotsa akangaude muno ndi ameneyu?”

Ndinati timathandizana, madamu. Anayamba kuseka mpaka anakhala pa dengu la zovala zakuda, magolovesi ali m'manja, masiki itanyowa ndi misozi.

Ntchito sinathe. Zinthu zitayamba kutseguka madamu ananditengera kuchipatala, anandipeza ndi magazi ochepa, anandipatsa mapilitsi, ndipo chilakolako chinachepako, sindikuti chinatha. Chifuwa cha bwana chinasiya chokha madamu atachepetsa kupopera sanitayiza. Mpopi wodontha uja madamu analamula kuti asaukonze, ndipo kamavu kaja kanamanganso pamalo pomwepo, ine ndimangokapatsa moni. Tsiku lomwelo la mlandu, nditatsuka m'kamwa kasanu, ndinatsegula uthenga wa Amake Tisa uja kuti ndimve zakumpingo. Mawu otsatira, pomwe ndinatsekera foni penipenipo, anali akuti, “Koma usatenge votseka, mumankhala vakangaude, tenga vamene vinabooka kale.”

Chiyambire pamenepo uthenga wa Amake Tisa ndimaumva mpaka kumapeto, ngakhale utalike ngati ulaliki, ndipo kamphika komwe mwini wake watseka sindidzakatsegulanso ndi mano. Koma mbiri ija ndinaipatsa dziko lathu sinafufutike. Mpaka lero madamu akaona kangaude pakhoma, kaya pali alendo kaya palibe, satenga tsache ayi. Amangoitana mokoma kuchokera pabalaza, “Esinati, yalla, ndiwo zako izi.”